Chimbale Chimene Ndinawotcha Kawiri

Ndiyambe ndi kuvomera ndekha, chifukwa ndikapanda kutero mudzamva kwa mkazi wanga, ndipo iye akamafotokoza nkhani sasiyako ngakhale fupa. Ine Zakariya Mvula, wa kuno kunjira ya ku Chipera, ndinawotcha chimbale chimodzi kawiri. Koyamba ndinachiwotcha dala, Baibulo lili m'khwapa. Kachiwiri ndinachiwotcha ndikufuna kuchikonza. Zoyambazo mudzi wonse ukuzidziwa kale. Zamanyazi zenizeni ndi zachiwirizi, ndiye khalani pansi mumve. Ine ndiimirira, kukhala sinditha.

Kukhala sinditha kuyambira ubwana. Manja angawa akasowa chogwira amayamba kuwomba tebulo, bondo, chidebe, mutu wa mwana, chilichonse chili pafupi. N'chifukwa chake nthawi ya nkhondo, tili othawa ku Zambia, anzanga atayambitsa bandi anandipatsa madiramu. Tinali anayi, dzina lathu Mabingu Four. Woimba ndi kuliza gitala anali Bonifasiyo, amene pambuyo pake ndinakwatira mlongo wake Felista. Awiri enawo anatsogola kale, Mulungu awasunge.

Nyimbo zathu zinali rock, zija za gitala wolira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Tsitsi lili yangayanga, mathalauza otambalala kunsi osesa msewu wonse. Bwana wina wa ku Lusaka anatimva tikuimba mu bala, anatitengera ku studio, ndipo tinajambula chimbale chathu choyamba, chomwenso chinakhala chomaliza. Mutu wake unali Tibwerera Liti?

Tsiku lojambulalo manja anga anandichititsa manyazi. Pa nyimbo ina ya kuseri kwa chimbale ndinalowa msanga. Boni asanatsegule n'komwe pakamwa, ine ndagunda kale diramu. Ndinakuwa kuti, "Pepa, Boni!" Mwini studio anati nthawi yathu yatha, palibe zobwereza. Ndiye kukuwa kwangako kunalowa m'chimbale momwemo.

Nkhondo itatha tinabwerera kwathu ndi mabulangete, mapoto, ndi chimbale chimodzi chokha, cha Boni. Ankachisunga m'sutukesi, chokulunga m'nsalu ngati khanda. Choimbira panalibe, koma pa Natale, Khirisimasi ija, ankachitulutsa, anthu n'kuchiona, iye n'kuchibwezera.

Kenako kunabwera mlaliki wina wodutsa, wa mawu okoma ndi thukuta lambiri. Anati aliyense abweretse zinthu zamdima tiwotche. Anthu anabweretsa zithumwa, nyanga, fodya wamkulu. Ine ndinalibe chobweretsa, ndipo ndinachita manyazi kukhala wochimwa wopanda umboni. Ndinathamangira kwa alamu a Boni, iwo ali kumunda, n'kutsegula sutukesi ija. Chinayaka bwino kwabasi, utsi wakuda bii! Mlaliki anakuwa, "Mwaziona ziwanda zikutuluka?" Ine ndinawomba m'manja kuposa onse.

Mlaliki anapita. Ine ndinatsala ndi alamu.

Sanandimenye, sanandisumire kulikonse. Anangondipatsa dzina: aMachesi. Dzinalo linandikakamira moti adzukulu anga ena sadziwa kuti ndine Zakariya. Ndipo kupepesa sindinapepese. Ndinawalimira munda, ndinawafolerera nyumba, chaka china ndinawapatsa mbuzi ya bere. Koma liwu limodzi lija linkafika pakhosi n'kubwerera m'mimba.

Tsopano chaka chatha Selesite, mwana wa alamu amene amagwira ntchito ku Tete, anaimba foni. Akuti kampani ina ya kunja inatola chimbale chathu pamsika wa zinthu zakale ku Zambia, inamvetsera, inati ichi ndi chuma. Yachipanganso chatsopano, chakuda cha singano chomwe chija, amati vinilu. Akuti kuli azungu akuvina Mabingu Four m'nyumba zawo! Ine usiku wake ndinavutitsa Felista ndi kuwomba mphasa.

Alamu pano saona, matenda a shuga anawadya maso. Nyimbozo Selesite anayesa kuwamvetsera pafoni, koma iwo anakana.

"Za m'foni ndi mphepo," anatero. "Ndikufuna ndichigwire ndi manja angawa ndisanafe."

Ndiye Selesite anatumiza chimodzi pa shapa, minibasi ija, chikatsikire pa loja, sitolo ya mnzake ku Fingoe. Chimodzi chokha. Alamu anaitana anthu kuti Lamulungu masana adzamve, ndipo aPulofesoro Tembo, mphunzitsi wopuma amene ali ndi jira-disiko yoimbira zimbale, yoyendera bateriya ya galimoto, analonjeza kubwera nayo. Chinatsala n'chakuti akatenge ndani.

"Ndikatenga ndine," ndinatero.

Felista anasiya kusenda mtedza. "Inu? Chimbale? Bwanji osangotuma moto weniweniwo kuti ulendo ufupike?"

"Alekeni apite," alamu anatero akuseka. "Koma uwasecheko m'matumba, Felista. Machesi asiye."

Ndinasekanso nawo, koma mumtima ndinati lero dzina ili litha. Ndikachibweretsa chili bwinobwino, ndikachiika m'manja mwawo, nkhani yatha, ndipo liwu lija sindidzafunikanso kulinena.

Loweruka ndinabwereka mota, njinga yamoto, kwa mnansi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ndinafika ku Fingoe, ndinalandira phukusi, ndinathokoza. Ndikanakhala munthu, ndikanakwera mota n'kubwerera. Koma manja aja anayamba kuyabwa. Ndinati ndingosuzumira pang'ono.

Abale! Pachikuto panali chithunzi chathu, tonse anayi. Ine ndili kumapeto, tsitsi ngati chitsamba, malaya otsegula mpaka pamchombo, timitengo ta diramu m'manja. Munthu ungaone zoterezi n'kupita kunyumba mwakachetechete?

Ndinakhotera pa baraka ina yogulitsa mowa pafupi ndi merikado, msika wa kumeneko, pomwe anyamata okumba golide amakhala akamachokera kumigodi. Ndinaimika mota panja, ndinalowa, ndinakweza chikuto m'mwamba.

"Mukumudziwa uyu wakumapetoyu?"

Mmodzi anayandikira, matope ali mpaka m'makutu, n'kunditcha tiyo, ndiye kuti malume. "Ndi akazi anu, tiyo?"

"Ndine ameneyu!"

"Epa! Nanga tsitsi linapita kuti?"

"Linatsala ku Zambia. Ine ndinali drummer, mwamva? Panopa azungu akundimvera kunja."

"Tiyo, musatinamize. Ngati ndinu, onetsani."

Chikuto chinayamba kuyenda m'manja mwawo. Ine pokhala munthu wosamala, ndinasolola chimbale chenichenicho kuti asachidetse ndi matope kapena kuchithira mowa. Ndinatuluka nacho, ndinachikhazika bwinobwino pampando wa mota, pamalo poyera, pomwe palibe angachikhudze. Mpando wakuda. Padzuwa.

Anyamata aja anasonkhanitsa mabeseni awo osefera golide, zidebe ziwiri ndi chigubu. Mwini baraka anandipatsa masipuni. Ndinayamba pang'onopang'ono, kenako manja anakumbukira. Ndinawomba, abale, ndinawomba! Amayi ogulitsa tomato anasiya tomato. Wina anandigulira fanta, wina anakuwa, "Bisi, madala, bwerezani!" Ndinabwereza. Ndinabwerezanso. Mthunzi unachoka mbali ina ya baraka n'kupita mbali ina, ine ndikuwombabe.

Nditatuluka, thukuta lili chuchuchu, ndinapeza chimbale chagona pampando ngati mmene mpandowo ulili. Pakati chalowa, m'mbali chatukuka, ngati tsamba la dzungu lofota. Ndinachigwira, chinanditentha zala.

Mnyamata wa matope uja anachiyang'ana mwaulemu. "Tiyo, mutisiyire chimenechi. Chosefera golide chabwino kwambiri."

Ndinachikankhira m'chikuto, chikukana, ndinakwera mota. Pofika kumudzi ndinazimitsa mota patali, n'kuikankha kudzera kuseri kwa makola kuti alamu asamve.

Felista anali kwa alamu komweko, akuthandiza kuphika maheu a mawa. Ndinatseka chitseko. Ndinaika chimbale pansi pa thumba la chimanga, ine n'kukhala pamwamba pake. Mwina ndikanakhala pamenepo mpaka kucha chikanawongokako. Koma ine kukhala? Ndinadzuka kusuzumira. Chopindika. Ndinakhalanso. Ndinadzukanso. Chopindika. Ndinazungulira nyumba, ndinabwerera, ndinasuzumiranso, ngati munthu wophika nyemba ali ndi njala.

Pamenepo nzeru inandibwerera. Mpini wa khasu ukapindika timatani? Timauwamba pamoto n'kuuwongola. Nsungwi ya dengu timaipinda ndi moto, timaiwongolanso ndi moto. Aliyense wa kuno amadziwa zimenezi. Chimene kutentha kwapinda, kutentha komweko kuwongola. Maso anga anagwera pa simbi ya makala.

Ndikufuna chinthu chimodzi chidziwike: machesi sindinagwire. Ndinapala moto pamafuwa.

Ndinayala chimbale patebulo. Ndinadziwa kuti simbi siyenera kukhudza pulasitiki mwachindunji, sindine mbuli. Ndinatuluka n'kutenga nsalu yoyamba imene ndinaipeza pachingwe, kapulana yatsopano ya Felista, ya amayi a kutchalitchi, imene anali asanaivalepo. Ndinaiyala pamwamba. Ndinaupira makala mpaka anafiira, ndinalavulira kunsi kwa simbi, inati tsss. Ndinasita ngati thalauza la ukwati. Kutsogolo, kumbuyo, m'mbali. Pamalo pena pamene panali pouma mutu ndinakanikiza ndi mphuno ya simbi, thupi lonse ndatsamira.

Ndinasisita ndi dzanja. Chawongoka! Chili see ngati tebulo lenilenilo! Ndinavina ndekha m'nyumbamo.

Kenako ndinanyamula kapulana. Chimbale chinanyamuka nayo.

Ndinakoka pang'ono. Sizinalekane. Ndinaponda ndi bondo n'kukoka mwamphamvu, kapulana inati phwee! Chidutswa chinatsala pachimbale, ulusi uli nyang'anyang'a. Ndinayang'anitsitsa. Timizere tija timene singano imayendamo, mmene mumakhala nyimbo, tonse tapita. Chasalala ngati dazi langali. Ndipo m'nyumba monse munadzaza fungo limene ndinalimva komaliza tsiku la mlaliki uja.

Chitseko chinatseguka. Felista analowa mphuno ili patsogolo.

"Fungo ili ndikulidziwa."

"Ndi matayala a mota, mayi."

Anayang'ana simbi. Anayang'ana kapulana ya chibowo. Anayang'ana chimbale. Anakhala pansi pomwepo pakhomo, miyendo tambalale.

"Bambo a Rozita, mwasita chimbale?"

"Chinapindika."

"Mwasita. Chimbale. Ndi kapulana yanga."

"Koma taonani mmene chawongokera."

"Mayo ine! Anthu amuna awo amamwa mowa, ena amakwatira mitala. Wanga amawotcha nyimbo za achimwene! Pitani mukawauze pompano."

"Dikirani, tiganize. Alamu saona. Tidzanena kuti azungu akupanga choncho masiku ano."

"Tidzanena? Inu ndi ndani? Ine mawa ndikakhala kutsogolo ndi chikho cha maheu, ndikaonerere."

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, pabwalo la alamu panadzaza. Mbuzi inaphedwa. Anabwera ngakhale a ku Chiputo amene tinali nawo ku Zambia. APulofesoro Tembo anafika atamanga tayi, jira-disiko ili pa njinga yokutidwa ndi thaulo, bateriya ili pa wilibala. Ine ndinkangozungulira. Ndinasuntha mipando yosafunika kusuntha. Ndinapita kukaona mbuzi yomwe inali itapsa kale. Chikuto chili m'khwapa, chanyowa ndi thukuta.

"AMachesi afika?" alamu anafunsa ali pampando wawo pansi pa mtengo wa mango. "Ndikumva mapazi osakhazikika."

"Ndafika, alamu."

"Felista, madzi."

Anasamba m'manja, abale. Anapukuta chala chimodzichimodzi. Kenako anatambasula manja awiri ngati akulandira mwana kuchipatala. Ndinawapatsa.

Anasisita chikuto. "Ine ndili pati?"

Ndinagwira chala chawo n'kuchiika pachithunzi. "Apa. Gitala ali apa."

"Ndikuoneka bwanji?"

"Wowonda ngati bango, achimwene," Felista anayankha, anthu n'kuseka.

Kenako analowetsa dzanja n'kusolola chimbale. Zala zawo zinayenda pamwamba pake pang'onopang'ono, kuchokera m'mphepete kupita pakati. Zinaima pa ulusi uja. Zinautsina. Ine ndinaiwala kuti munthu wosaona ndi maso amaona ndi zala, ndipo zala za woimba gitala sizinamizidwa.

"Alamu," anatero mofatsa, "azungu masiku ano akumaveka zimbale zovala?"

"Ndi fashoni, alamu. Kuteteza fumbi."

"Oho. Nanga mizere ili kuti?"

"Anaichotsa. Ndi teknoloji yatsopano."

Anachinyamula n'kuchinunkhiza, mbali iyi, mbali inayo.

"Teknoloji yonunkha makala a mtsanya. Apita patsogolo azungu. APulofesoro, tatiikirani timve teknoloji."

APulofesoro anachilandira, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Analumikiza mawaya, chimbale chinayamba kuzungulira, kachidutswa ka kapulana kakuzungulira nacho ngati mbendera. Anatsitsa singano. Inangoti fyuuu, kuchokera m'mphepete mpaka pakati, ngati mwana woterereka pamatope. Anayesanso. Fyuuu!

Felista anamwa maheu mokweza.

"Mbali yoyamba yatha msanga," alamu anatero. "Kale inkatenga nthawi. Tembenuzani."

Ndinatseka maso. Ndinamva kuthetheka, ngati chimanga chokazinga. Kenako gitala analira.

Analira, abale! Mbali ya pansi ija, imene inagona patebulo, inapulumuka. Anali Boni wa zaka zija, mawu akuthwa ngati mpeni, akufunsa kuti tibwerera liti kwathu kukaona manda a amayi. Kumbuyo kwake gitala wa bezi wa malemu Andireya, ndi mawu a malemu Sitefano akuvomera. Amayi amene tinali nawo ku Zambia anayamba kuimba nawo, wina analuluta. Alamu zala zawo zinkayenda pabondo, zikusaka mawaya a gitala amene kulibe, misozi ikutsika m'maso osaona aja. Sanaipukute.

Ine mtima unayamba kutsika. Ndinati Mulungu ndi wabwino, ndapulumuka. Theka la chimbale ndi chimbale ndithu. Ndinayambanso kugwedeza phewa.

Nyimbo ija inatha. Yotsatira inayamba ndi diramu yolowa msanga, ndipo mnyamata wina anakuwa m'sipika:

"Pepa, Boni!"

Pamenepo ndi pomwe ndinakanikiza ndi mphuno ya simbi paja. Singano inadumpha n'kubwerera.

"Pepa, Boni!" Thi. "Pepa, Boni!" Thi. "Pepa, Boni!"

Woyamba kuphulika anali Felista, maheu anatulukira m'mphuno. Kenako bwalo lonse. Anthu anagwa m'mipando, a ku Chiputo ankamenya pansi ndi zipewa, ana anayamba kuvina motsatira. "Pepa, Boni!" Thi. APulofesoro anatambasula dzanja kuti achotse singano.

"Isiyeni!" alamu anatero. "Nyimbo imeneyi ndaidikira nthawi yaitali."

Anaisiya. Inapepesa, inapepesa, inapepesa, ine ndili chiimire pakati pa bwalo, chipewa ndikuchipotokola. Zimene pakamwa panga panakana kunena zaka zonsezi, pulasitiki inkazinena pamaso pa mudzi wonse, ndi mawu anga omwe, mothandizidwa ndi bateriya ya galimoto.

Potsiriza alamu anakweza dzanja, aPulofesoro anachotsa singano. Alamu anatembenuzira khutu komwe ndinali.

"Uyu tamumva. Koma uyu ndi mnyamata wa tsitsi, akupepesa za diramu. Wadazi uja ali kuti? Ndikungomva mapazi ake akupondaponda."

Phunziro limene ndinatolapo ndi lakuti si chopindika chilichonse chimafuna simbi, china chimangofuna pakamwa.

Ndinayenda mpaka pampando wawo. Ndinagwada m'fumbi, ndinaika chipewa pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga manja anga anakhala chete. Ndinati:

"Alamu a Bonifasiyo, pepani. Choyamba chija ndinaba m'sutukesi n'kuwotcha ndine. Chachiwirichi ndasita ndine. Pepani kawiri konse. Ndipo chachitatu chikadzabwera, mudzanditsekere m'khola la mbuzi mpaka nyimbo zitatha."